Journey, trip kapena voyage? Zimene ndikumva m'misewu ya ku England

Lolemba usiku, London

Ndafika bwino, ngakhale makutu akulirabe ndege. Kuchokera ku Heathrow ndakwera sitima yapansi panthaka ya Piccadilly, pafupifupi ola lathunthu nditakumbatira chikwama pamiyendo, tulo tikundiba pang'onopang'ono. Chipinda chimene ndapeza pafupi ndi siteshoni ya King's Cross n'chopanikiza, koma madzi otentha alipo ndipo bedi ndi laukhondo. Zandikwanira.

Ntchito yanga ndi yophunzitsa Chingerezi, ndipo pali funso limene silitha m'kalasi: kodi travel, trip ndi journey zimasiyana pati, poti ife zonsezi timangoti ulendo? Yankho la m'buku ndimalidziwa. Koma msonkhano umene wandibweretsa kuno uyamba sabata yamawa, ndiye ndaganiza zoti masiku otsalawa ndiyende ndili tcheru, ndimve mmene eni ake amasankhira mawuwa pogula tikiti, podandaula sitima ikachedwa, potsanzikana.

Phunziro layamba ndisanavule n'komwe jekete. Mayi olandira alendo, pondipatsa kiyi, anandifunsa kuti, "How was your journey?" Ankafunsa za njira yokha: ndege, kudikira, sitima, mpaka pakhomo pawo. Journey yanga inathera pomwepo. Pasanapite nthawi mnzanga wa kuno ananditumizira uthenga wofunsa kuti ndikhala mpaka liti "on this trip". Trip ndiye sinathe. Imanyamula zonse pamodzi, kupita, kukhala, chimene wadzera ndi kubwerera, ndipo idzatha tsiku limene ndidzatsegule chitseko cha nyumba yanga.

Liwu lakuti travel ndaliona pa zikwangwani ponseponse, travel information, travel insurance, Travelcard, koma palibe amene wanena kuti "a travel". Siliwerengeka. Limatchula kuyenda kwenikweniko, osati ulendo wakutiwakuti. Gwero lake ndi limodzi ndi la travail, ntchito yakalavulagaga. Mmene msana ukuwawiramu, ndikumvetsa chifukwa chake anthu akale anakutchula choncho kuyenda.

Lachiwiri, London

Ndinalawirira dala kuti ndikaone commute ndi maso anga. Cha m'ma 8 koloko pansi pa King's Cross anthu anali pikitipikiti, aliyense maso pafoni, wolankhula palibe. Mtengo wa tikiti umakwera nthawi imeneyi: kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa, ndiponso 4 mpaka 7 madzulo mkati mwa sabata, ndiyo nthawi imene amati peak. Sitima yoyamba ndinaisiya ipite, ndinachita mantha ndi mmene anthu ankakanikizirana pakhomo. Bambo ena ovala tayi atandiona ndikubwerera m'mbuyo anandiuza kuti ndisendere kumapeto kwa pulatifomu, kumene mabogi amakhala ndi mpata. Zinalidi zoona. Tili m'sitima anati amachokera ku Bedford tsiku lililonse, ndipo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "It's my commute."

Commute ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku pakati pa nyumba ndi ntchito kapena sukulu, basi. Liwuli linabadwira ku America m'zaka za m'ma 1800, pamene makampani a sitima ankagulitsa commutation ticket, tikiti imodzi yotsika mtengo yolowa m'malo mwa kulipira tsiku lililonse. Dzina la tikiti linasanduka dzina la ulendo, kenako la munthu amene, commuter.

Masana ndinadya sangweji ya m'shopu nditakhala pabenchi, kenako ndinakwera wapansi msewu wa Exhibition Road mpaka ku likulu la Royal Geographical Society, bungwe la ofufuza malo a padziko limene linayamba mu 1830. Pakhoma lake lakunja pali ziboliboli ziwiri. Mbali ina kuli David Livingstone, mbali ina Ernest Shackleton atavala zovala za kumalo oundana, n'chifukwa chake oyendetsa matakisi amaitchula ngodya imeneyi Hot and Cold Corner. Maulendo a anthu awiriwa satchedwa trip. Wa Livingstone wa 1858 mpaka 1864 umatchedwa Zambezi Expedition, ndipo ndalama zake zinachokera ku boma la Britain. Shackleton ananyamuka mu 1914 pa sitima ya Endurance, imene madzi oundana anaiphwanya chaka chotsatira. Expedition imafuna cholinga cholembedwa, gulu la anthu, katundu wokonzedwa kwa miyezi, ndi wina wolipira. Chimene chimandipweteka n'chakuti liwuli limakonda kuyenda ndi dzina la mtsogoleri yekha. Amene ankasenza mitolo, kupalasa mabwato ndi kulozera njira analinso pa expedition yomweyo, ndipo pakhomapo palibe.

Lachitatu, Leicester

Pawindo la matikiti ku St Pancras funso ndi lalifupi: "Single or return?" Ku America akanati one-way kapena round trip. Ndinagula single, ndipo mtengo wake unandiuma pakamwa, poti ndinagula tsiku lomwelo. Mtsikana wogulitsayo anandilangiza mokoma mtima kuti matikiti otsalawo ndigule lero lomwe, amene amati advance, ngakhale kuti amakumanga pa sitima imodzi. Safunsa anadya phula. Ndinafunsa zonse, ndipo sanatope nane ngakhale mzere unali kukula kumbuyo.

Ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndinali ku Leicester. Kunja kwa siteshoni kuli chiboliboli cha Thomas Cook atanyamula chikwama. Pa 5 July 1841 munthu ameneyu anakonza sitima yotenga anthu pafupifupi 500 kuchokera kuno kupita ku Loughborough, ku msonkhano wolimbikitsa anthu kusiya mowa, aliyense kulipira shileni imodzi kupita ndi kubwerera. Umenewo unali excursion: ulendo waufupi, wa gulu, wokonzedwa ndi munthu wina, wobwerera msanga. Masiku ano liwuli limapezeka kwambiri m'timabuku totsatsa maulendo. Pakamwa pa anthu ndikumva day trip, kapena outing ngati ndi banja lapita kokapitidwa mphepo. Kampani ya dzina la Cook inakula mpaka kufalikira padziko lonse, n'kudzagwa mu 2019.

Tour ndi ina. Muzu wake ndi kuzungulira, ndiye chofunika si kutalika koma kuima malo angapo motsatizana. Oimba akamayenda mzinda ndi mzinda ali pa tour. Munthu wokuonetsani zipinda za nyumba yakale kwa ola limodzi akukupatsaninso tour. Kale, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, anyamata a mabanja olemera a kuno ankatha miyezi, ena zaka, akuzungulira France ndi Italy pa chimene chinkatchedwa Grand Tour, ndipo liwu lakuti tourist ndi mwana wa tour yemweyu.

Koma chimene ndikufuna kulemba lero chachitika madzulo pa Belgrave Road, msewu wa mashopu a golide, nsalu ndi zakudya za Amwenye. Ndinalowa m'kanyumba kena kodyera kuthawa mphepo, n'kuitanitsa masamosa ndi tiyi wamkaka wonunkhira zokometsera. Malo anali ochepa, ndiye ndinakhala tebulo limodzi ndi agogo ena aakazi ovala sari ndi juzi yaubweya pamwamba pake. Atandiyang'ana kanthawi anandilonjera m'Chiswahili. Anabadwira ku Uganda. Mu August 1972 Idi Amin analamula kuti Amwenye achoke m'dzikomo pasanathe masiku 90, ndipo zikwi zingapo mwa iwo anadzakhazikika mumzinda uno. Agogowa anali mtsikana panthawiyo. Anachoka ndi chikwama chimodzi, shopu ya bambo awo ikutsala ndi katundu yense m'mashelefu.

Nditawauza chimene ndikuyendera anaseka, nati liwu limodzi anabwera nalo okha. Safari m'Chiswahili ndi ulendo uliwonse, ngakhale wokaona azakhali, ndipo Aswahili analitenga ku Chiarabu. Atafika kuno anadabwa kupeza kuti Angerezi analipanikiza mpaka kutsala ndi tanthauzo limodzi, kukwera galimoto kukaona nyama zakutchire. Ndinawafunsa mosamala kuti, "Nanga agogo, wa 1972 uja mumautchula chiyani pa Chingerezi? Trip?" Anaika kapu pansi. "Ayi mwanangu, trip umabwerako. That was a journey."

Palibe buku limene linandifotokozera momveka chonchi. Journey siilonjeza kubwerera. N'chifukwa chake ndi liwu limene amagwiritsa ntchito ponena za kudwala kwa nthawi yaitali, za kulira maliro, za moyo wonse wa munthu. Chodabwitsa n'chakuti poyamba linali laling'ono: linachokera ku Chifalansa chakale, journée, mtunda umene munthu angayende tsiku limodzi. Nditapita kukalipira ndinapeza kuti agogo aja alipira kale tiyi wanga. Pakhomo anandigwira dzanja nati, "Safari njema."

Lachinayi, Edale

Sitima mpaka Sheffield, kenako ina yaing'ono yodutsa m'chigwa cha Hope, theka la ola ndi pang'ono. Midzi ya nyumba zamiyala, nkhosa m'mapiri, mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti. M'bogi munali anthu okalamba ambiri, nsapato zamphamvu, ndodo ziwiriziwiri, mafulasiki a tiyi.

Pano pamayambira njira ya Pennine Way, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo imayenda mamailosi 268 mpaka Kirk Yetholm ku Scotland. Ine ndinangofuna kukwera kufika pamwamba pa Kinder Scout, mamita 636, kudzera pa makwerero a miyala otchedwa Jacob's Ladder. Aliyense amene ndinakumana naye ankati ali pa walk. Ndinkayembekeza kumva hike, poti tinali kukwera phiri thukuta lili kamukamu, koma Angerezi amakonda kuchepetsa zinthu. Maola asanu ndi limodzi m'matope akadali walk. Hike amalidziwa ndipo achinyamata amalinena, koma limamveka kwambiri ku America. Stroll ndi kuyenda mwachifatse, mwina mutatha kudya. Ramble ndi kuyenda m'tchire mosathamanga, ndipo liwuli lili ndi mbiri pano. Mu April 1932 anthu mazana angapo okonda ramble, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale a ku Manchester, anakwera phiri lomweli mwadala pamene linali lotsekedwa kuti eni malo azisakako mbalame. Ena anatsekeredwa m'ndende. Mu 1951 dera lino la Peak District linakhala paki yoyamba ya dziko lonse m'Britain, ndipo lero aliyense amakwera mwaulere.

Pamwamba sindinafike. Nditangomaliza makwerero aja chifunga chinatsika mwadzidzidzi, kutsogolo kuli mbuu, njira osaoneka, mvula yopyapyala ikulowa m'khosi. Mtima unagunda kwambiri. Ndinaima pamalo amodzi mpaka ndinamva mawu a anthu. Anali bambo ndi mayi achikulire, ali ndi galu, ndipo anati nditsike nawo. Pansi, poona mmene ndanyowera, anandifunsa kumene ndikugona. Nditatchula, mayiwo anati, "That's a bit of a trek, we'll give you a lift."

Mawu awiri m'chiganizo chimodzi. Trek linachokera ku Chiafrikaans, kukoka, monga ng'ombe zinkakokera ngolo za Mabunu pamene ankachoka ku Cape m'ma 1830. Lero limanena ulendo wautali wotopetsa wapansi, wa masiku ambiri m'mapiri, koma limanenanso mtunda uliwonse umene munthu akuuona kutalika. Lift ndi kutengedwa ulere pagalimoto ya wina, chimene ku America amati ride. Anayatsa chotenthetsera m'galimoto, galu atatsamira pabondo langa. Ndagona 8 koloko isanakwane, nsapato zili pafupi ndi chitofu, nyuzipepala nditazinyindira mkati monga anandilangizira.

Lachisanu, m'sitima

Tsiku lonse lathera panjira, Edale mpaka Manchester, kenako kummwera kudzera ku Birmingham ndi Reading. Tinaima pakati pa minda kwa nthawi yaitali popanda wotiuza chifukwa. Pomaliza mawu anamveka pa sipika, kupepesa chifukwa cha "the delay to your journey". A sitima amanena journey nthawi zonse, chifukwa chawo ndi kukuchotsa apa n'kukufikitsa apo. Chimene ukukachita kumeneko si nkhani yawo. Ndadya pasty yozizira ndi tiyi wodula wa m'kapu yapepala. Miyendo ikuwawa chifukwa cha dzulo.

Loweruka, Southampton

Mzinda uno ndi wa sitima zapamadzi, ndipo mawu ake ndi ena. Padoko panaima chisitima choyera chachitali kuposa nyumba zambiri za mumzindamu, anthu akukokera masutikesi mkati. Akupita pa cruise. Liwuli linachokera ku Chidatchi, kruisen, kudutsa chopingasa. Pa cruise sitimayo ndiyo tchuthi chenichenicho: umadya, kugona ndi kusangalala momwemo, imaima m'madoko angapo, ndipo kawirikawiri imakubwezera pamene unakwerera.

Voyage ndi liwu lolemera. Ndi ulendo wautali wa panyanja, kapena wa mumlengalenga, n'chifukwa chake zombo ziwiri zimene America inatumiza kutali mu 1977 zinatchedwa Voyager. M'Chifalansa voyage ndi ulendo uliwonse, ngakhale wa basi, koma Chingerezi chinalisungira madzi. Kumbuyo kwake kuli liwu la Chilatini, viaticum, kamba wa paulendo. Ku SeaCity Museum ndinaima nthawi yaitali pa mapu aakulu a mzinda uno amene ali pansi, odzaza timadontho tofiira. Kadontho kalikonse ndi nyumba imene inataya munthu pa Titanic, sitima imene inamira itanyamuka pano pa 10 April 1912 pa maiden voyage yake, ulendo woyamba wa sitima yatsopano. Anthu a mumzinda uno amene anafa anaposa 500, ambiri a iwo antchito, osonkha moto m'mainjini ndi operekera zakudya. M'misewu ina timadontho tinachita kugundana. Kwa anthu amenewa voyage inali ntchito imene ankaisaka kuti ana adye.

Madzulo ndinakwera feri yopita ku East Cowes pa Isle of Wight, ola limodzi, n'kubwerera nayo. Bambo ogwira ntchito pa feriyo, amene anati akhala pamadzi moyo wawo wonse, anandiuza kuti uwu si voyage ndiponso si cruise, ndi crossing, kuwoloka kuchoka gombe lina kupita lina. Anawonjezera kuti ngakhale sitima yaikulu ya Queen Mary 2, ikamachoka pano kupita ku New York kwa sabata yathunthu, eni ake amaumirira kuti ndi crossing, chifukwa ikupita kwinakwake, sikungozungulira. Mphepo inali yamphamvu moti sindinathe kukhala kunja. Ndinadya nsomba ndi tchipisi titabwerera kumtunda, zotentha, viniga wambiri, pafupifupi £12.

Lamulungu, Canterbury

Lamulungu amakonza njanji, ndiye gawo lina la ulendo tinatsitsidwa n'kukwezedwa basi imene amaitcha rail replacement. Ndafika masana nditatheratu.

Pa 29 December 1170 asilikali anayi a Mfumu Henry II anapha Bishopu wamkulu Thomas Becket m'kati mwa tchalitchi chachikulu cha pano, ndipo kwa zaka mazana angapo anthu ankabwera kuchokera kutali kudzapemphera pamanda ake. Umenewo ndi pilgrimage. Liwuli silifunsa kuti wakwera chiyani kapena wayenda mtunda wotani. Limafunsa chimene chili mumtima. Ngakhale liwu lakuti canter, kuthamanga kwa hatchi kosafulumira kwambiri, linachokera ku mayendedwe a anthu obwera ku Canterbury. Pabwalo la tchalitchi pali mwala wosonyeza poyambira Via Francigena, njira yapansi yopita ku Rome, ndipo ndinaona mnyamata wina akujambulitsa pamenepo, chikwama chachikulu kumsana, akuyamba lero.

Pachipata amasiyanitsa anthu mwaulemu. Wodzaona nyumbayo amalipira, wodzapemphera amalowa ulere pa nthawi ya mapemphero. Mayi oyang'anira anandifunsa kuti ndadzera ziti. Ndinati mapemphero a madzulo, ndipo ndinanena zoona, chifukwa chichokere pa timadontho ta dzulo mtima unali wolemera. Kwaya inaimba masalimo. Amene ndinakhala naye pafupi anali ndi kamera pakhosi, koma pofika pakati pa mapemphero anali akupukuta misozi.

Lolemba, Dover

Theka la ola kuchokera ku Canterbury. Ndinakwera kumtunda kwa doko kumene umaona maferi akulowa ndi kutuluka mosalekeza, malole atandandalika kudikira. Kunja kunayera moti France inkaoneka. Pamene nyanjayi yapanikizika kwambiri ndi mamailosi 21 okha, ndipo feri imatenga pafupifupi ola ndi theka kufika ku Calais. Crossing, monga anandiphunzitsira bambo a ku Southampton aja.

M'kanyumba ka tiyi pafupi ndi siteshoni nyuzipepala inali patebulo, ndipo liwu lomwelo linali pamutu wa nkhani: small boat crossings. Akunena anthu othawa nkhondo ndi umphawi amene amadzazana m'timabwato ta mphira usiku kuchokera ku gombe la France. Pa 24 November 2021 bwato limodzi lotere linamira, ndipo anthu osachepera 27 anafa m'madzi omwewa. Mayi ogulitsa tiyi atandiona ndikuwerenga anati iwo sakonda kuti nyuzipepala zimangowerenga crossings, chifukwa crossing ndi gawo lomaliza lokha. Anthuwo amakhala atayenda miyezi, ena zaka, kudutsa zipululu ndi mayiko angapo asanafike pagombelo. Anati akamacheza nawo, amene amadziwa Chingerezi amati "my journey", ndipo amayambira kutali kwambiri, pakhomo la amayi awo. Mayiwa amasonkhanitsa masokosi ndi majekete owuma m'katoni imene ili kuseri kwa kauntala, ndipo Lachinayi lililonse wina amabwera kudzatenga. Ndinasiyamo juzi imene ndinagulira Edale.

Sitima ya ku St Pancras yatsala pang'ono kunyamuka ndipo msonkhano uyamba mawa 9 koloko. Zolemba za mawa sindinazikonze n'komwe, ndizikonzera m'sitima.